Liwu limodzi limene linatigwira sabata yonse pa shopu

Ndimayang'anira shopu ya mabuku a manga (nkhani za zithunzi za ku Japan), zidole za anime (makatuni a ku Japan) ndi magemu kuno ku Johannesburg, ndipo chino n'chaka chachisanu ndili pa ntchitoyi. Kutsogolo timagulitsa, kumbuyo kuli chipinda chomwe achinyamata amaseweramo makadi ndi magemu a ndewu. Tilinso ndi gulu la pa Discord, pulogalamu yochezerapo pa intaneti, lomwe makasitomala athu amachezerapo usiku. Ntchito yanga yambiri ndi kuwerengera katundu ndi kulondola makatoni ochedwa, koma mbali ina yomwe sinalembedwe pa kontrakiti ndi kuweruza milandu ya ana a eni.

Lolemba m'mawa ndinapeza uthenga pafoni kuchokera kwa mtsikana wina wa ku yunivesite, mmodzi mwa akatswiri athu pa gemu ya ndewu ya Guilty Gear Strive. Analemba mzere umodzi wokha, wopempha kuti ndimuchotse pa mndandanda wa mpikisano wa Loweruka. Sanatchule chifukwa. Nditatsegula Discord ndinachipeza ndekha. Lamulungu ndinali nditaika chithunzi cha mpikisano wa mwezi watha, pomwe iyeyo anakhala wachiwiri, ndipo pansi pake mnyamata wina analemba kuti "trap ikusewera trap." Anthu 11 anaikapo tinkhope toseka.

Mtsikanayu ndi trans. Anabadwa ndi thupi lachimuna, koma amadzidziwa kuti ndi mkazi ndipo amakhala monga mkazi. Ine ndinadziwa chaka chatha pamene ankalipira ndi khadi ya kubanki yokhala ndi dzina lina. Anandifotokozera motsitsa mawu kuti mapepala ake akadali ku Home Affairs, ofesi ya boma yoona za ziphaso. Lamulo la dziko lino la 2003 limalola munthu kusintha zimenezi pa chiphaso chake, koma kudikira kwake n'kwakutali.

Liwu lakuti trap silinachokere ku Japan ayi. Linabadwira pa masamba a intaneti a Chingerezi cha m'ma 2000, makamaka pa 4chan. Munthu akaika chithunzi cha katuni wooneka ngati mtsikana pomwe m'nkhani mwake ndi mnyamata, ena ankayankha ndi chithunzi cha Admiral Ackbar wa mu filimu ya Star Wars ya 1983 akufuula kuti ndi msampha. Mmodzi mwa makatuni oyambirira kupatsidwa dzinali anali Bridget, yemwe anatulukira mu Guilty Gear mu 2002. Bridget yemweyo ndi amene mtsikana wathu amasewera, ndiye n'chifukwa chake mnyamata uja analitchula kawiri.

Ine ndemwe liwuli ndinaligwiritsa ntchito zaka zambiri. Ndinaliphunzira pamodzi ndi mawu ena onse a anime m'ma internet café a ku Limbe, ndipo sindinalitembenuzeko m'Chichewa ngakhale kamodzi. Ndinalitembenuza Lolembalo madzulo ndili mu taxi, ndipo linandilemera m'kamwa. Msampha. Ndili mwana kwa agogo ku Thyolo tinkatchera madiwa a mbewa: mwala waphanthi, kamtengo, ndi njere ya chimanga ngati nyambo. Diwa limakhala ndi wotchera, nyambo ndi wophedwa. Ukanena kuti munthu ndi msampha, wanena kuti nkhope yake ndi nyambo, kuti anavala diresi m'mawa n'cholinga chokola mwamuna wina, ndipo kuti mwamunayo ndiye wolakwiridwa. Mtsikanayu amabwera kwathu kudzasewera gemu basi.

Lachiwiri ndinaitana mnyamata wolembayo. Anabwera ndi mnzake wamkulu, bambo wa zaka za m'ma 30 yemwe wakhala akugula kwa ife kuyambira shopu isanasamuke, ndipo ndi amene analankhula kwambiri. Mfundo zake sizinali zopanda mutu, choncho ndizilemba monga anaziyalira. Anati liwulo ndi la makatuni, osati la anthu. Anati Astolfo wa m'nkhani za Fate ndi mnyamata amene amangovala zachikazi, ndipo kumutcha trans n'kumunamizira. Anati anthu ambiri amene amalinena amatero chifukwa chowakonda makatuniwo, osati kuwada. Kenako anakumbutsa za August 2020, pamene oyang'anira gulu lalikulu la okonda anime la Animemes pa tsamba la intaneti la Reddit analetsa liwuli mwadzidzidzi, mamembala n'kuwukira kwa masabata, zikwizikwi n'kuchoka kukayambitsa gulu lina. "Ukufuna shopu yako ithe chomwecho?" anandifunsa.

Ndinamuvomereza pa Astolfo, chifukwa akunena zoona. Si katuni aliyense wovala siketi amene ali trans, ndipo owasakaniza onse pamodzi amalakwitsanso. Koma ndinamutembenuzira foni kuti aone pomwe mawuwo analembedwa. Sanali pansi pa Astolfo. Anali pansi pa chithunzi cha munthu wamoyo yemwe bamboyu wakhala naye mpando umodzi kangapo. Ngati liwulo ndi la makatuni okha, linatsika bwanji pa TV n'kudzatera pa mwana wa munthu, anthu 11 n'kuseka osadabwa?

Apo mkangano unakhotera kwa Bridget, ndipo tinatha pafupifupi ola. M'magemu akale Bridget anali mnyamata woleredwa ngati mtsikana chifukwa m'mudzi mwawo mapasa aamuna ankawatenga ngati tsoka. Mu August 2022 anamulowetsa mu Strive, ndipo m'nkhani yake yatsopano amafika ponena yekha kuti ndi mtsikana. Ambiri anakana, ena amvekere omasulira Chingerezi apotoza, ena amvekere amenewo ndi mathero olakwika a gemuyo. Mwezi wotsatira opanga gemuyo, a Arc System Works, pamodzi ndi mlengi wake Daisuke Ishiwatari, ananena poyera kuti Bridget amadzidziwa kuti ndi mkazi. Bamboyu zonsezi amazidziwa. Chomwe chimamupweteka, monga ndinachionera, n'chakuti chinthu chomwe anakula nacho chasintha iye osafunsidwa. Ululu umenewo ndimaumvetsa. Koma si mtsikana uja amene ayenera kuulipira.

Mnyamata wolembayo sanalankhule zambiri. Potuluka anangoti ankaganiza kuti mtsikanayo aseka nawo.

Lachitatu kunabwera makatoni asanu ndi limodzi a manga, awiri onyowa pakona, ndiye m'mawa wonse unathera kujambula zithunzi ndi kulemba madandaulo. Masana abwana anaimba. Maganizo awo anali achidule: ika liwulo pa mndandanda wa mawu oletsedwa, kompyuta izifufuta yokha, nkhani ithe. Ndinawapempha masiku awiri. Chomwe chinaphulitsa gulu la pa Reddit lija sichinali chiletso chokha. Anthu anadzuka n'kupeza lamulo laikidwa popanda kukambirana, kenako n'kumva kuti ena mwa oyang'anira amawanyoza kumbali. Zinafika poti zinsinsi za oyang'anira ena zinaululidwa pa intaneti ndipo gululo linatsekedwa kwa kanthawi. Komanso kompyuta imagwira zilembo, osati mtima. Tili ndi osewera makadi a Yu-Gi-Oh! omwe amanena trap tsiku lililonse chifukwa ndi dzina la mtundu wa khadi. Amenewo akanafufutidwa, pomwe wofuna kunyoza akanangosintha chilembo chimodzi.

Usiku umenewo ndinakhala pansi kuwerenganso milandu iwiri yomwe anthu a trans amaitchula akamafotokoza chifukwa chake liwuli limawaopsa. Gwen Araujo anali ndi zaka 17 pamene anaphedwa ku Newark, California, mu October 2002, ndi anyamata omwe anazindikira kuti ndi trans. Kukhothi, owaimira anati anyamatawo ananyengedwa ndipo anachita zimenezo mutu utazungulira. California inaletsa kudziteteza kotere mu 2014. Chaka chomwecho, ku Olongapo m'dziko la Philippines, Jennifer Laude anaphedwa ndi msilikali wa ku America, Joseph Scott Pemberton, yemwe anauza khothi kuti anamukanyanga pakhosi atazindikira zomwezo. Anamangidwa, koma pulezidenti Duterte anamukhululukira mu 2020. M'milandu yonse iwiri wakupha ananena chinthu chimodzi: ndinakodwa. Sindikunena kuti mnyamata wa pa Discord ndi wakupha. Ndikunena kuti nthabwala yake ndi chifukwa cha akupha aja zimamera pa muzu umodzi, ndipo mtsikana wathu amadziwa zimenezo nthawi iliyonse akamadikira taxi kutada.

Lachinayi ndinadya nkhomaliro ndi alonda a pa msika wathu, mkulu wa ku Mangochi yemwe ndi munthu yekhayo amene ndimalankhula naye Chichewa masana. Nditawafotokozera anapukusa mutu.

"Achimwene, ine zimenezi sindizimvetsa, ndipo chipembedzo changa sichigwirizana nazo. Mukukumbukira za Aunt Tiwo?"

Ndinati ndikukumbukira. Ndinali ku Blantyre mu 2010 pamene Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza anagamulidwa zaka 14, a Bingu n'kuwakhululukira patangopita masiku ochepa. Dziko lonse tinkati ndi amuna awiri, pomwe Tiwonge ankanena yekha kuti ndi mkazi. Ine ndinali m'gulu la oseka. Pambuyo pake anathawira kuno ku South Africa.

"Bambo, sindikukupemphani kuti musinthe chikhulupiriro," ndinatero. "Koma akamakutchulani kwerekwere pageti apa, n'kunena kuti n'kucheza chabe, mumamva bwanji?"

Anakhala chete kanthawi. Iwowo anali ku Alexandra, kuno ku Johannesburg, mu May 2008 pamene anthu anayamba kusaka alendo, ndipo anthu oposa 60 anaphedwa m'dziko muno.

"Liwu lija limayamba ndi kuseka," anatero. "Mwanayo ndimamuona. Amandipatsa moni tsiku lililonse, kuposa anzake aja. Pageti panga palibe amene amugwire."

Sitinagwirizane pa zonse, ndipo sindinayembekeze kutero.

Msonkhano tinauchita Lachisanu titatseka shopu. Anabwera anthu 17. Mtsikanayo ndinamufunsa ngati akufuna kudzalankhula, anakana, ndipo ndinaona kuti n'zoyenera: si iye wofunika kuima pakati pa anthu kuchonderera ulemu. Ndinawauza zomwe ndalemba pamwambazi, kuphatikizapo zoti inenso ndinkalinena. Kenako ndinawauza lamulo. Pa munthu wamoyo, liwuli n'loletsedwa, ndipo wolinena adzachotsedwa pa Discord mwezi wathunthu. Pa makatuni, m'gulu lathu tizigwiritsa mawu ena, chifukwa tili ndi anzathu amene limawabaya ngakhale litaloza katuni.

Apa ndi pomwe panavuta. Ambiri anavomera gawo loyamba msanga, koma lachiwiri anati ndapyola malire. Mtsikana wina amene amaphunzira Chijapani anatithandiza. Anafotokoza kuti eni anime ali ndi liwu lawo, otokonoko, lomwe limamveka ngati liwu lakuti mnyamata koma polemba amasintha chilembo chomaliza n'kuika cha mwana wamkazi. Mulibe nyambo, mulibe wokodwa. Anawonjezanso kuti Chijapani nachonso chili ndi mawu olasa, monga okama, ndipo anthu a kumeneko amakangana nawo chimodzimodzi, choncho tisaganize kuti ndi nkhani ya azungu okha. Wina anati otokonoko n'lalitali. Wina anamuyankha kuti amatchula mayina a nkhonya za m'makatuni aatali kuposa pamenepo osapunthwa lilime.

Bambo uja anaimirira n'kunena kuti lero ndi liwu ili, mawa lidzakhala lina, ndipo iye sabwera ku shopu kudzaphunzitsidwa kulankhula. Ndinamuuza kuti chitseko chili chotsegula kwa iye nthawi zonse, koma lamulo silisintha. Usiku womwewo anatuluka pa Discord pamodzi ndi ena atatu. Zinandiwawa. Ndi munthu amene anandithandiza kunyamula mashelefu tikusamuka, ndipo mwezi uliwonse ndimamusungira mabuku ake pansi pa kauntala.

Mnyamata wolembayo anatumiza uthenga wopepesa kwa mtsikanayo. Zomwe analemba sindinazione, ndipo sindinafunse.

Loweruka ndinafika 8 koloko kudzalumikiza ma PlayStation ndi kuyesa ma controller, chifukwa imodzi batani lake limakanirira. Mndandanda ndinausindikiza wopanda dzina lake monga anapemphera. Cha m'ma 10 ndinamuona pageti akupatsana moni ndi alonda aja, chikwama cha controller yake chili kumsana. Analowa, n'kuima pa kauntala, n'kufunsa ngati malo akadalipo. Ndinalemba dzina lake ndi cholembera pansi pa pepala, pa nambala 15.

Anasewera Bridget. Anapambana maulendo awiri, ulendo wachitatu n'kugonja kwa mnyamata wa ku Soweto amene amasewera Potemkin, ndipo anakhala mpaka kumapeto kuonerera. Titatseka ndinasesa chipinda, n'kuwerenga ndalama za m'kabati. Mabuku atatu a bambo uja a mwezi uno akadali pansi pa kauntala, ndawamanga ndi labala, dzina lake lili pamwamba.