Ulendo wa ku Tete wokaona mmene amayezera ayodini ndi bromini mmadzi

Abale a mu komiti ya madzi amene munatsala, ulendo unayenda chonchi. Tinanyamuka ku Ulongué mbandakucha pa chapa kutsetsereka mpaka Moatize, kutentha kwake eee, ife tinazolowera kamphepo ka ku Angónia. Anatilandira atekiniko awiri, amayi ndi abambo, nkupita nafe ku Revúbuè kenako ku Zambezi chapafupi ndi mlatho wa Samora Machel.

Katungidwe kake sikongomiza botolo ayi. Amalitsukuluza kaye ndi madzi omwewo, madziwo nkuwasefa ndi kasefa ka timabowo tatingʼono kwambiri ta 0.45 micron, ndipo amayi aja anatiuza kuti akamayeza zitsulo amathiramo asidi koma pa ayodini asidi ndi woletsedwa chifukwa ayodiniyo imathawa ngati mpweya, ndiye amathira mankhwala a alkali (otsutsana ndi asidi) botolo nkulibisa mkabokosi ka ayezi. Kuyeza kwenikweni kumakachitikira ku labu, pa makina otha kuyeza ngakhale zinthu zochepetsetsa otchedwa ICP-MS, poti ayodini ya mumtsinje ndi yochepetsetsa, nthawi zambiri mamaikilogalamu owerengeka pa lita pamene madzi a mnyanja ya mchere amakhala nayo cha mma 60.

Apa mpamene panandikhudza kwambiri. Munthu wamkulu amafunika mamaikilogalamu 150 a ayodini patsiku, mayi woyembekezera 250, ndiye madzi akumwa okha sangatikwanire ife a kumapiri kutali ndi nyanja, mvula inakokolola kalekale ayodini ya mnthaka. Ayodini ikasowa mthupi chithokomiro chimatupa pakhosi aliyense nkuona, koma mwana amene ubongo wake sunakule bwino ali mmimba ndani amamuona? Zimandiwawa kuti mmisika mwathu timagulabe mchere wapambale osafunsa nkomwe.

Za bromini sanatalikitse. Mnyanja ya mchere ilimo pafupifupi mamiligalamu 65 pa lita, mmitsinje ndi yochepa kwambiri, amaiyeza chifukwa ikachuluka nkukumana ndi klorini pamapangika timankhwala tina tosafunika mthupi. Bambo wina wa gulu lathu anafunsa ngati tisiye kuthira Certeza, klorini wa mmadzi akumwa uja, atekiniko aja anakana kwamtuwagalu, kolera ndi yoopsa kuposa zimenezo.

Pomaliza anadontheza mankhwala pa mchere, wokhala ndi ayodini unasanduka wabuluu wina unangokhala woyera mbee. Kabotolo kake anatipatsa, ndiye pa msonkhano ukubwerawu aliyense abwere ndi kamchere ka kunyumba kwake tidzayeze, amfumu tawadziwitsa kale.