Patenti yanga inathera pa rodibuloko

Chaka chatha ine ndinatsala pang'ono kulemera. Ndikunena kulemera kwa galimoto ziwiri ndi mlonda pageti, osati kuja kolandira ndalama za chipereganyu n'kudya nyama masiku atatu. Zimene zinandigwetsa ndi ziwiri: galasi la njinga yamoto ya alamu anga, ndi pakamwa panga.

Kwathu ndi ku Ndirande, ndipo kuno munthu akakuuzani kuti chinthu chakuti sichikonzeka, dziwani kuti ndi mlendo. Ine ndimakonza mafoni ndi mawailesi. TV yathu itapsa, ana anasamukira kwa aneba, akubwera kunyumba nthawi ya nsima yokha. Zinandipweteka. Ndinatenga katoni ya nsapato, n'kuipaka polishi wakuda m'kati monse, n'kuboola kutsogolo. Pabowopo ndinalowetsa lenzi, galasi lokuza zinthu lija ndimaonera tizipangizo ta m'foni. Foni ndinaiimika kumbuyo kwa katoni, pakhoma n'kupachika nsalu yoyera ya pabedi.

Chithunzi chinatuluka, abale, koma anthu ake akuyenda chadodolido. Nditazondotsa foni anaimirira bwino, koma mawu onse anayamba kuwerengeka chobwerera ngati aja amalemba kutsogolo kwa ambulansi. Titaika mpira, osewera amwendo wamanja onse anasanduka amanzere, ndipo wovala nambala 10 anavala 01.

Ndinagona nazo masiku awiri. Lachitatu m'mawa, ndikumeta ndevu, nzeru inandipeza. Galasi lodziyang'anira limasinthanitsa manja ndi manzere. Ndiye ngati chithunzi chatembenuka kale, galasi lichitembenuzanso kuti chibwerere m'malo mwake. Foni igone chagada pansi pa katoni, galasi lipendekeke pamwamba pake madigiri 45, kuwala kugunde galasi n'kukhotera ku lenzi. Galasi la saizi yoyenera linali limodzi lokha m'nyumba monse: la mayi akunyumba, lapulasitiki yapinki m'mbali. Ndinalitenga iwo ali kumsika.

Mawu anawerengeka. Vuto linatsala la kaimidwe ka galasi. Ndinkalitsamiritsa pasopo, ndipo mwana akangogunda tebulo, filimu inkapita kudenga. Pankafunika chogwirira choti galasi lizitembenuka kulikonse n'kuima pomwe ndaliimika. Ndiyeno maso anga anagwera pakona, pamene alamu anga a kabaza anasiya njinga yawo popita kumaliro ku Thyolo. Taonani bwino galasi la njinga yamoto: kumbuyo kwake kuli kampira kolowa m'kachibowo ngati fupa la m'chiuno. Ukalikankha ndi chala limapita komwe ukufuna n'kukhala pomwepo. Ndinamasula lakumanja. Ndikubwereza, ndinabwereka. Galasi lake lenileni n'lotukuka pakati, linkachepetsa anthu mitu n'kuwakuza mimba, ndiye ndinati ndilitong'ole bwinobwino ndi mpeni. Linasweka zidutswa zisanu. Pamalo pake ndinamatapo lapinki lija ndi guluu.

Usiku umenewo ndinaona ulemerero. Ndikakankha galasi ndi chala, chithunzi chinkakwera, ndikalibweza, chinkatsika. Kunena zoona chinali chozilala. Foni ilibe kuwala kofanana ndi pulojekita yogula, choncho pankafunika mdima wa ndiweyani, ndipo wina akangoyatsa machesi filimu inkasowa. Koma ndani amaona zimenezo pa mwana wake?

Loweruka bwalo lathu linadzaza. Wina anafuula kuti, “Kamkwamba wa ku Ndirande!” ndipo ine sindinakane. Ngati mnyamata wa ku Kasungu anadziwika dziko lonse ndi makina amphepo a zitsulo zotola, ine wa katoni ndilekerenji? Ndinauza mwana wanga wamkulu kuti andijambule. Ndinatsegula katoni, n'kufotokoza chilichonse, kuloza kampira kaja, kutchula ndi madigiri omwe. Vidiyoyo ndinaiponya pa Facebook ndi m'magulu onse a WhatsApp, ngakhale la mpingo ndi la maliro a m'dera.

Amene anandiika moto ndi kasitomala wina wovala tayi amene ndinkamusinthira batire. Anati, “Achimwene, zimenezi mukapanda kutenga patenti, mudzaziona zikuchokera ku China zili m'bokosi, dzina lanu palibe.” Sindinagone. Ndinkangowerengera mtengo wa geti.

Lachiwiri ndinavala suti ya paukwati, ndinakulunga katoni m'chitenje, n'kukwera minibasi yopita m'tauni. Kondakitala anafuna kuiika kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala. Ndinailipirira mpando wakewake.

A loya anali mayi wachitsikana, wa magalasi, wolankhula mofatsa ngati namwino wobaya jakisoni. Ndisanamasule chitenje ndinati, “Madamu, choyamba mulumbire kuti zimene muone muno simukauza munthu.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. “Bambo, si inu a pulojekita ya katoni? Azakhali anga ananditumizira vidiyo yanu sabata yatha. Mumafotokoza bwino kwambiri.”

Ndinati zikomo, mtima uli m'mwamba. Sindinadziwe kuti amenewo ndi mawu achipepeso.

Anandiuza kuti patenti si satifiketi yoyamikira munthu wanzeru. Ndi pangano ndi boma: iwe ukuulula poyera mmene chinthu chako chimagwirira ntchito, boma n'kukupatsa mphamvu yoletsa ena kuchipanga kapena kuchigulitsa kwa zaka zowerengeka, m'mayiko ambiri zaka 20. Kuno kwathu munthu amapempha ku ofesi ya boma yolembetsa mapatenti, kapena kudzera ku bungwe la ARIPO ku Harare, kumene pempho limodzi limatha kufikira mayiko angapo a mu Africa malinga ndi pangano la mu 1982. Patenti imagwira m'dziko limene waitenga basi. Ya ku Malawi singaletse fakitale ya ku China kupanga chinthucho n'kukachigulitsa ku Dubai. Apa geti langa linayamba kuchepa.

“Koma tisanafike kumeneko,” iwo anatero, “pali mafunso atatu. Kodi chinthucho n'chatsopano? Kodi munthu wodziwa ntchito imeneyo sakanachiganiza mosavuta? Kodi chingapangidwe n'kugwira ntchito?”

Ndinati lachitatulo ndakhoza kale. Loyambalo, ku Ndirande konse palibe anapangapo.

“Chatsopano padziko lonse, bambo. Osati ku Ndirande.”

Anatembenuzira kompyuta kwa ine, n'kutsegula Google Patents, kumene aliyense amatha kufufuza ulere. Analemba mawu atatu m'Chingerezi: pulojekita, galasi, losinthika. Zojambula zinatsanuka ngati ngumbi mvula yoyamba. Magalasi a mahinji, magalasi a zomangira, magalasi otembenuzidwa ndi mota, ena ojambulidwa agogo anga asanabadwe. Iwo akutsitsa tsamba, ine thukuta likutsika m'suti. Anati nyali yoponya zithunzi pakhoma kudzera mu lenzi inalipo kale cha m'ma 1659, m'manja mwa Christiaan Huygens wa ku Netherlands. Kenako anandifunsa ngati kusekondale kwathu kunalibe pulojekita ija ya khosi lalitali, imene aphunzitsi ankaikapo mapepala apulasitiki olembedwa ndi maka.

Inalipo. Ndinaikumbukira pompo, ndi fumbi lake lomwe. Pamwamba pa khosi lake panali kamutu, ndipo pakamutupo panali galasi limene aphunzitsi a sayansi ankalikweza ndi kulitsitsa ndi chala kuti mawu akhale pakati pa khoma. Ine ndemwe ndinkainyamula kuchokera ku ofesi ya ahedi. Nzeru imene ndinkati yandipeza ndikumeta ndevu inali itakhala m'mutu mwanga kuyambira Fomu 2, ikungodikira.

Ndinayesa kulimba. “Koma madamu, langali limatembenuka mbali zonse.”

Apa ndiye anandimaliza mwaulemu. Anati mapulojekita ambiri a masiku ano, aja amalembedwa DLP, m'kati mwake muli kachipangizo kosaposa chikhadabo chachikulu kamene kali ndi timagalasi toposa 2 miliyoni. Kagalasi kalikonse n'kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo kamapendekeka pakokha kambirimbiri pa sekondi imodzi: kakaloza ku lenzi, kadontho kake pakhoma kamawala, kakaloza kumbali kamada. Anakapanga ndi Larry Hornbeck wa kampani ya Texas Instruments mu 1987, ndipo mu 2015 anthu a mafilimu anamupatsa mphoto ya Oscar chifukwa cha ntchito imeneyo. Munthu wa magalasi 2 miliyoni. Ine ndinabwera ndi limodzi, lapinki, la eniake.

Chimene ndinamva bwino tsikulo n'chakuti ganizo loti “galasi lizisinthika” palibe angalitsekere m'thumba. Chimene munthu angateteze ndi njira yakeyake yochitira zimenezo, yolembedwa mwatsatanetsatane, ngati palibe anaichitapo. Anati palinso chitetezo chaching'ono cha zipangizo zosavuta, chimene ARIPO imapereka kwa zaka zochepa, koma nachonso chimafuna kuti pakhale kanthu katsopano. Ndiye anafunsa, mwachifundo ndithu, “Pa makina anuwa, n'chiyani chimene mukuona kuti n'chanuchanu?”

Ndinamasula chitenje, n'kuloza kampira kaja monyada.

“Munapanga nokha?”

“Ndi ka njinga ya alamu anga.”

Anavula magalasi n'kuwapukuta kwa nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

Atawavalanso anati ngakhale kampirako ndikanasula ndekha, vidiyo ija inali itandipha kale. M'mayiko ambiri, chinthu ukangochionetsa poyera usanapereke pempho, chasiya kukhala chatsopano, ngakhale wochionetsayo ndi iwe mwini. Ku America amakupatsako chaka chimodzi chokonzera cholakwacho, koma ku Ulaya sakhululuka. Ndinafunsa ngati ndingaifufute vidiyoyo. Anati ndingafufute yanga, nanga ya azakhali awo?

Munthu wanzeru akananyamuka pamenepo. Ine ndinati ndalama yokambirana ndalipira kale, aione basi ikugwira ntchito, mwina asintha maganizo. Anavomera. Anaitana mlembi wawo ndi mnyamata wa tiyi, anatseka makatani, anazimitsa magetsi. Ndinagoneka foni m'katoni, kuwala ndakweza mpaka kumapeto, n'kukankha galasi ndi chala. Chithunzi chinakwera n'kukhazikika pakhoma, pakati pa masatifiketi awo awiri. Mnyamata wa tiyi anati, “Eee!” Mtima wanga unabwerera.

Ndinaiwala kuzimitsa data.

Pamwamba pa filimu panatsika uthenga wa WhatsApp, zilembo zake zazikulu ngati za pa chikwangwani cha sitolo. Ndipo chifukwa cha luso langa lomwe, sizinali chobwerera. Aliyense anawerenga bwinobwino:

“Alamu, ndabwera. Ndili pa rodibuloko apolisi andigwira njinga ilibe galasi. Achemwali akuti munachotsa ndinu.”

Ndinathamangira kuti nditseke, chigongono chinagunda katoni, galasi linapendekeka, uthenga unakwera kudenga. Tonse anayi tinakweza mitu ngati nkhuku zikumwa madzi. Kudengako kunafika wachiwiri, wochokera kwa mayi akunyumba:

“Bambo, galasi langa ndinaliona pa Facebook. Ndimadikira kuti munene nokha.”

M'chipindamo munali zii. Kenako mlembi anatuluka mothamanga, dzanja lili pakamwa, ndipo tinamumva akugwa ndi chiseko m'khonde. A loya anayatsa magetsi, nkhope ili yowongoka ngati ya woweruza, koma mapewa akugwedezeka. Anati, “Funso lachitatu mwakhozadi, bambo. Imagwira ntchito.”

Ndalama imene ndinasungira mafomu a patenti inathera pa chindapusa cha alamu. Ndinawapeza atakhala pamwala m'mbali mwa msewu, chipewa cha njinga chili pamwendo. Sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangotambasula dzanja. Ndinatsegula katoni pamaso pa apolisi ndi ogulitsa nthochi, n'kumasula chogwirira chija. Galasi lapinki linakana kumatuka. Guluu amene ndinagula anali weniweni, chinthu chokhacho chenicheni pa ntchito yonseyi. Wapolisi wina analiyang'ana, n'kudziyang'aniramo, n'kukonza chipewa chake, n'kunena kuti galasi ndi galasi, azipita.

Mpaka lero njinga ya alamu imayenda ndi galasi lakuda kumanzere ndi lapinki kumanja. Anzawo a pasiteji anawapatsa dzina loti Asisi, ndipo akandiona amaliza mahutala. Mayi akunyumba anakana kuti ndiwagulire lina lotchipa, akuti adikira la patenti. M'mawa uliwonse, alamu asanatulutse njinga, iwo amatuluka ndi mafuta ndi chipeso, n'kuwerama pachiwongolero, n'kulikankha ndi chala kuti liwaloze bwino.

“Koma limatembenuka bwino,” anandiuza tsiku lina, osandiyang'ana. “Anapanga ndani kampiraka?”