Nsima ya m'kontena: masiku awiri pa sukulu ya mishoni ku Mangochi

Minibasi ya ku Mangochi sinyamuka msanga pa Limbe. Ndinakhala pampando wakumbuyo kuyambira 6 koloko m'mawa, chikwama cha kamba pamiyendo, kudikira kuti idzaze. Munali mu Malichi 2025, ndipo ndinkapita kukaona mwana wa malemu achemwali anga amene ali fomu 3 pa sukulu ina ya atsikana yogonera komweko, ya mishoni. Chimwalirireni mayi ake fizi ndimalipira ndine, kuchokera m'kabizinesi kanga ka kaunjika. Ndiye ndisabise, ndinanyamuka ndi mtima wa munthu wolipira. Teremu yapitayo masamu sanakhoze, koma akandiimbira pa foni ya amatroni nkhani zake zinkangokhala za kwaya, za mapemphero, ndi za "agogo athu a kumudzi". Agogo ake atinso? Ife kwathu ndi ku Ntcheu, ku Mangochi tilibe ngakhale msuweni.

Tinadutsa Zomba kunja kukuwaza kamvula. Titaoloka Shire pa Liwonde n'kukhotera msewu wa ku Mangochi, mvula inatsala m'mbuyo, kutentha kunatilandira. Kuyambira pa Ulongwe dziko limasintha munthu ukuona: milambe, migwalangwa, timizikiti ta m'mbali mwa msewu, amayi a mipango yophimba mpaka m'khosi, anyamata otukula nsomba m'mwamba galimoto ikamadutsa. Kudzanja lamanja nyanja ya Malombe imangoonekera apo ndi apo kuseri kwa chimanga. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandipatsa moni wa Chiyao, "Ali uli?", ine n'kuyankha mwa Chichewa, tonse n'kuseka. Nditatulutsa banzi n'kumugawira anakana mwaulemu. Anali pa swaumu. Apa ndi pamene ndinakumbukira kuti chaka chimenechi Ramadani ndi Lenti zinayamba sabata imodzi, popeza Lachitatu la Phulusa linali pa 5 Malichi, Asilamu atangoyamba kumene kusala. Banzi lija ndinalibweza m'chikwama.

Pa boma ndinatsika dzuwa lili paliombo. Ndisanakwere kabaza ndinayenda wapansi kukafika pa nsanja ya wotchi imene ili pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ija inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, tauniyi ikutchedwa Fort Johnston. Pomwepo pali mfuti ya sitima ya Guendolen ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Ambiri amangodutsapo ndi njinga zawo, koma ine malo otere amandiimitsa. Cha kumtunda pang'ono ndi kwa Mponda, kumene ansembe a Chikatolika a White Fathers anafika mu 1889. Anaphunzitsa ana, anathandiza odwala, nachoka mu 1891 mpingo usanamere. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anakhazikika m'mbali mwa nyanja, ndipo ku Malindi mpaka lero kuli chipatala cha St Martin's ndi sukulu ya atsikana ya St Michael's. Akatolika anadzabweranso, dayosizi ya Mangochi n'kukhazikitsidwa mu 1973, episkopi woyamba ali Alessandro Assolari. Ndikunena izi chifukwa Chikhristu kuno sichinakhalepo mwini mudzi. Chinafika ngati mlendo pakati pa Ayao amene anali atalandira kale Chisilamu, ndipo mlendo amene akufuna kukhalitsa amayamba wagwira tsache.

Pa sukulupo ndinafika cha m'ma 3 koloko. Amatroni, mayi wachikulire wa mawu otsika, atamva kuti ndachokera ku Blantyre anandilola kucheza naye mwanayo madzulowo ndi mawa lake. Anabwera akuthamanga, masiketi ali petupetu, n'kudzagwada.

"Mayi aang'ono, mwayenda bwanji? Bwanji osanena?"

"Ndikananena ukanabisa makope," ndinatero.

Belu lawo ndi limu ya galimoto yopachikidwa pa mtengo wa mango. Litalira, atsikana anatuluka m'makalasi kulowera kutchalitchi, popeza linali Lachisanu la mu Lenti, tsiku la Njira ya Mtanda. Ine ndinakulira mu CCAP, mwambo umenewu sindinauzolowere. Malo khumi ndi anayi, paliponse kuima, kugwada pa simenti, kuwerenga, kuimba. Wonyamula mtanda anali kamtsikana ka fomu 1, awiri m'mbali mwake atagwira makandulo amene ankangozima ndi mphepo. Chimene chinandikhudza ndi mapemphero amene ankawonjezera okha. Pamene Yesu akumana ndi amayi ake, wina anapempherera mayi a mnzake amene agonekedwa m'chipatala, n'kuwatchula dzina. Pamene Simoni wa ku Kirene asenza mtanda, wina anapempherera amene sanamalize fizi kuti asabwezedwe. Mwana wanga anali m'kwaya, ndipo mawu ake a alito ndi a mayi ake enieni. Pamenepo ndinayang'ana pansi.

Potuluka ndinaona kagulu ka atsikana ovala hijabu yofanana mtundu ndi yunifolomu, atakhala pakhonde la laibulale ndi mabuku. Okumbuka akudziwa mmene nkhani ya hijabu inavutira m'sukulu za mishoni m'chigawo chino, mpaka sukulu zina kutsekedwa, kufikira pamene atsogoleri a zipembedzo ziwirizi anasainirana mgwirizano mu 2021 kudzera ku Public Affairs Committee. Pepala linasainidwa ndi akuluakulu. Koma kukhalira limodzi kwenikweni ndinakuona ku dainingi.

Chakudya chamadzulo amalandira 5 koloko: nsima ya mgaiwa ndi nyemba. Dzuwa nthawi imeneyo likadali m'mwamba, ndiye amene ali pa swaumu sangadye, ndipo ophika sangadikire. Mwana wanga analandira mbale ziwiri. Ina anadya. Inayo anaikhuthulira m'kontena ya majarini, nsima pansi, nyemba m'kachitini kapadera kuti nsima isanyowe, n'kuvindikira, n'kukulunga ndi thaulo, kenako ndi juzi yake ya sukulu. Anakaiika pansi pa bulangete pa bedi la mnzake. M'hositeli monse munali timitolo totere, apa ndi apo. Azana itamveka kuchokera ku mzikiti wa m'mudzi, mnzakeyo anamwa madzi, n'kumasula kamtolo kaja, nthunzi n'kutuluka. Nsima inali ikadali yofunda.

"Ndani anakuuzani kuti muzichita zimenezi?" ndinafunsa.

"Palibe. Tinazipeza. Mafomu folo a chaka chatha ankatero."

Ndinatsegula chikwama changa cha kamba. Munali nkhuku yokazinga, mabanzi, chiponde, shuga, botolo la sobo, sopo ndi mapadi. M'maganizo mwanga izi zinali zoti zimufikitse kumapeto a teremu. Iye anayala chitenje pansi, n'kuitana a m'chipinda chonse. Nkhuku anayamba wandifunsa monong'ona kuti ndinagula kuti, nditamuuza kuti ndi ya ku butchala ya halaal anamasuka nkhope, n'kuyamba kupatsa osala aja. Mtima unandipweteka pang'ono, sindikana. Nkhuku imeneyo inandidyera phindu la masiku awiri. Koma amatroni anandiuza pambuyo pake kuti m'chipindamo muli ana atatu amene chiyambire teremu sanabwerepo munthu kudzawaona. Ndipo mu Febuluwale, mwana wanga atagwidwa malungo n'kugona masiku anayi osadzuka, amene ankamuchapira zovala, kumupukuta ndi nsalu yonyowa usiku ndi kumukopera manotsi anali mwini wa nsima ya m'kontena uja. Za malungowo ine ndinangomva kuti "ndinadwala pang'ono".

Ndinagona pa resiti hausi ku boma, m'mawa n'kubwerera. Loweruka, akatha kukolopa hositeli ndi kutchetcha, gulu lina limaloledwa kutuluka ndi mphunzitsi kukathandiza okalamba m'midzi yoyandikana. Agogo aja ndinawaona tsopano. Ndi nkhalamba ya Chiyao, Msilamu, maso anachita khungu, ana ake aamuna ali ku Joni monga anyamata ambiri a boma lino, ndipo amakhala ndi kamdzukulu ka sitandade 2. Nyumba ndi ya udzu, mbali imodzi ikudontha; pansi anatcherapo beseni ndi poto.

Atsikanawo sanadikire kuuzidwa. Awiri anatenga ndowa kupita ku mjigo, ena kukatola nkhuni, wina kusesa pabwalo, wina kutulutsa mphasa ndi zofunda kukayanika. Wanga anakhala pansi, n'kuika mapazi a agogowo m'beseni la madzi ofunda. Mapazi ake ong'aluka zidendene, zikhadabo zokhuthala zopindikira m'kati. Anawasiya kaye kuti afewe, akuwakhula ndi mwala pang'onopang'ono, kenako n'kuyamba kuwenga chikhadabo chimodzichimodzi, lilime ataluma, akufunsa m'Chiyao chake chothyokathyoka ngati zikupweteka. Agogowo ankangomukonza Chiyaocho uku akuseka ndi nkhama. Atatha anawadzoza mafuta, ndipo ndinawazindikira mafutawo: ndi omwe ndinamugulira ine potsegulira sukulu. Uyu ndi mwana amene kunyumba ku Chilomoni mbale yake yomwe amatsuka mpaka utakuwa kawiri.

Panalibe amene anatsegula Baibulo pakhomopo. Ndinafunsa aphunzitsi aja ngati sapemphera nawo. Anati pemphero amachitira kusukulu asananyamuke, ndipo pakhomo pa munthu amalemekeza mwini khomo. Ena a mpingo wanga anganene kuti umenewo ndi mwayi wotayika wolalikira. Ine sindikuona choncho. Mayi amene sakuonanso, amene sangawerenge ngakhale vesi limodzi, akudziwa kuti Loweruka kumabwera ana a kumishoni ndipo mapazi ake sapwetekanso. Potsazika anagwira mutu wa mtsikana aliyense n'kumudalitsa m'dzina la Allah, atsikana a kwaya aja n'kumayankha "Amina".

Sikuti pamalopo ndi kumwamba ayi. Madzi a m'mipope amavuta, ndipo masiku ena atsikana amadzuka 4 koloko kukaima pamzere ku mjigo. Magetsi akazima, sitade ya usiku imathera pa tochi. Wanga anandiuza kuti ali fomu 1 analira sabata ziwiri chifukwa cha akuluakulu ena okonda kutuma ndi kulanda zinthu, ndipo khalidwe limenelo silinatheretu ngakhale amapemphera kawiri pa tsiku. Palinso nkhawa yanga ija, imene sindinaitaye: MANEB sifunsa za kwaya. Mwana wamasiye alibe munda woti adzagwere akalephera MSCE, ndipo amene amakonza ndondomeko ya tsiku m'sukulu zotere ayenera kukumbukira kuti belu lililonse lowonjezera limadya nthawi ya buku.

Choncho masana tinakhala pansi pa mtengo wa mango uja ndi makope ake. Chichewa, Chingelezi ndi bayoloje zili bwino. Masamu ndiye ayi ndithu, ndipo sindinamunyengerere. Anamvetsera mutu uli pansi, kenako anati mnzake uja, wa nsima, ndiye katswiri wa masamu m'kalasi mwawo. Popeza amadzuka kale usiku kudya daku, chakudya cha osala kusanache, agwirizana kuti azimudzutsa, akatha kudya ndi kuswali azikhala limodzi pa masamu mpaka belu la phala. Ndinamuitana mtsikanayo kuti ndimve pakamwa pake. Anabwera mwamanyazi, manja kumbuyo.

"Zoona mayi, tayamba kale Lolemba. Vuto lake amafulumira, salemba njira."

Ndinamuuza kuti akapanda kulemba njira azimubwezera, ndipo ndinawasiyira tochi yanga ndi mabatire.

Lamulungu ndinapemphera nawo m'mawa, kenako n'kutsazika. Anandiperekeza mpaka pageti, pamene malamulo amawalekezera. Ndinamufunsa chimene akufuna ndidzamutumizire, ndikuyembekeza kumva za nsapato, chifukwa zimene wavala zayamba kuseka kutsogolo.

"Nsapato zifika Epulo, mayi aang'ono. Koma mukapeza pepala lapulasitiki lakuda lija lofolerera nyumba, mutumize. Mvula ikadalipo, ndipo agogo akugona chokhala."

Lolemba m'mawa ndisanatsegule belo ndinalowa mu msika wa Limbe. Pepalalo ndinagula mamita khumi, nsapato ndinagulanso, ndipo zonse ndinapatsira kondakitala wa minibasi yomwe ija, nambala ya amatroni nditailemba pa katoni.