Zimene ndinaona m'chikhatho cha mayi wina ku Berlin

Ndinafika ku Berlin m'nyengo yozizira, mphepo yake yolowa mpaka m'mafupa. Msuweni wanga amene amaphunzira kumeneko anati njira yosaboola m'thumba yoonera mzindawo ndi kukwera sitima ya Ringbahn, imene imazungulira mzinda kwa pafupifupi ola limodzi n'kubwerera pomwe wakwerera. Ndinakhala chakuwindo, koma za mzindawo ndinaona zochepa.

Moyang'anizana nafe munali mayi wachikulire ndi mtsikana. Mayiwo anatambasula dzanja pa bondo, mtsikana uja akugogoda nsonga za zala zawo, kukhwatcha m'chikhatho, kugogodanso, mwachangu ngati akusankha nyemba m'lichero. Kenako mayiwo anaphulika kuseka. Palibe amene anali atatulutsa mawu.

Msuweni wanga anawalonjera m'Chijeremani, ndipo mtsikanayo sananyinyirike kutifotokozera. Mayiwo samva, saonanso. Amacheza pogwiritsa ntchito afabeti ya Lorm, imene dzina lake linachokera kwa Hieronymus Lorm, mlembi wobadwa mu 1821 amene anagontha ali mnyamata n'kudzachita khungu atakula. Chilembo chilichonse chili ndi malo ake pa dzanja. Ukagogoda nsonga ya chala chachikulu, ndi A. Chamkombaphala ndi E, chapakati I, chotsatira O, kakang'ono U. Ukazunguza chala m'chikhatho walemba S. Mtsikanayo anandilembera moni pa dzanja langali, ine ndinangomva kunyerenyetsa.

Vuto ndi lakuti kucheza kotere kumafuna mukhale pafupi, mogwirana. Apa m'pamene anationetsa kanema pa foni yake, wa golovesi imene ofufuza a Design Research Lab ku yunivesite ya zaluso ya Universität der Künste mumzinda womwewo, mmodzi wa iwo Tom Bieling, anaionetsa mu 2012. Mbali ya m'chikhatho ili ndi tinsalu tomva kudinidwa. Munthu akadzilembera Lorm pamenepo, zilembo zimapita ku foni kudzera pa Bluetooth n'kutumizidwa ngati meseji wamba. Yankho likabwera, timamota ting'onoting'ono tokhala kuseri kwa dzanja timanjenjemera motsatana, kalikonse pamalo a chilembo chake.

Chimene chinandigwira mtima ndi ichi: sanawapekere anthuwo chinenero chatsopano. Anatenga chimene zala zawo zikudziwa kale n'kuchitalikitsa mkono. Foni ya m'thumba mwangamu imanjenjemera mofanana kaya ndi uthenga wa maliro kaya wa ngongole. Golovesi ija imanjenjemera pamalo pake, pa nthawi yake, ndipo kunjenjemerako kumasanduka mawu.

Sitima ikuyenda choncho, maganizo anga anali kwa agogo anga ku Ntcheu. Maso anazima kalekale, makutu akutsatira. Ndikaimba foni, adzukulu amakuwa m'khutu mwawo, "Agogo, ndi uja wa kunja!", iwo n'kumangoti "Eya, eya." Koma ndikapita kumudzi amandigwira dzanja, kulisisita chala ndi chala, n'kunditchula dzina osauzidwa.

Mayiwo anatsika ku Westkreuz. Ife tinadutsa siteshoni yathu osazindikira, msuweni wanga akugogoda zala zanga, A, E, I, ine nditatsinzina, ndikuyesa kuloweza kuti ndikawaphunzitse ana a pakhomo pa agogo.