Mmene ndinapezera nyumba ya m'mbali mwa Shire ku Liwonde

Pa 15 October, tsiku la Anakubala, aliyense wa kagalimoto amathamangira kunyanja. Ku Mangochi ndi ku Senga Bay kumadzaza, zipinda n'kukwera mtengo. Ife pabanja pathu tinagwirizana zopita ndi amayi kumtsinje, ku Liwonde, ndipo ntchito yosaka malo inagwera ine. Tinkafuna nyumba yonse ikhale yathu, yodziphikira tokha, chifukwa amayi nsima ya kuhotela saikhulupirira, komanso tinali ndi ana.

Ndinayambira pa Airbnb ndi Booking.com, masamba a pa intaneti opezerapo malo ogona, koma za ku Liwonde zinalipo zochepa, zambiri zili maloji a alendo okaona nyama kupaki. Nyumba zenizeni zochita lendi ndinazipeza pa Facebook ndi kudzera mwa mnzanga wa kuntchito amene kwawo ndi ku Machinga. Kusakako sikunavute. Chovuta chinali mawu akuti "m'mbali mwa mtsinje", amene mwini nyumba aliyense amalemba.

Zithunzi zimanama popanda kunena bodza. Munthu amajambula dzuwa likulowa pamwamba pa Shire, pali migwalangwa ndi bwato, koma sakuuzani kuti anayenda mphindi zingati kuchoka pakhomo kuti akajambule. Ndiye aliyense ndinkamuimbira pa WhatsApp ya vidiyo n'kumupempha chinthu chimodzi: "Achimwene, imani pakhonde, ndiye muyende mpaka pamadzi foni ili choyaka." Wina anadula foni osaimbanso. Wina anayenda ndithu, kudutsa m'munda mwa eni ake, n'kukafika pa bango lowirira. Madzi ndinangowamva pakamwa pake. Wachitatu anangotsika masitepe, madzi ali pompo, ndipo ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma potembenuza foni ndinaona mzere wakuda wodutsa khoma lonse cha m'mawondo, pamwamba pake penti yatsopano.

Mzere umenewo uli ndi mbiri yake. Shire amachokera m'nyanja ya Malawi ku Mangochi, n'kudutsa m'nyanja ya Malombe asanafike ku Liwonde, kumene kuli baraji ya Kamuzu yomangidwa mu 1965. Barajiyo ndi imene imasunga kapena kutulutsa madzi opita kumakina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Nyanja ikadzaza, monga inachitira mu 2024 pamene malo ambiri ogona alendo ku Mangochi analowa madzi, kumtunda kwa baraji nakonso madzi amakwera n'kukhalitsa. Mu October mvula imakhala isanayambe, choncho sindinkaopa kusefukira. Ndinkaopa chinyezi chotsalira m'makoma, fungo la nkhungu m'matiresi, ndi chimbudzi chimene dzenje lake linamwapo madzi a mtsinje. Kuyambira apo ndinkafuna nyumba yokhala pamtunda, yoti madzi uziwaona uli pakhonde koma kuti uwakhudze uchite kutsetsereka.

Kenako nkhani ya nyama. Ku Liwonde mvuu ndi ng'ona si za m'nthano. Mvuu imatuluka usiku kukadya udzu, ndipo kapinga wothiriridwa bwino m'chilimwe, kwina konse kutauma, ndiye amaikoka. Bambo woyang'anira nyumba imene tinadzatenga ndinawafunsa ngati mvuu zimafika pabwalo. Sanabise. "Zimafika bwana, koma zimathera kuseri kwa waya uko. Mukamva kulira usiku musatuluke ndi tochi." Anandionetsa mpandawo, mitengo yake yokwiriridwa ndi simenti, ndi kageti kotsikira kumadzi kali ndi loko. Yankho limeneli linandikhazika mtima pansi kuposa la mayi wina amene anandiuza kuti kwawoko kulibe chilichonse choopsa, ana akhoza kusambira. Munthu wonena zimenezo pa Shire, kaya sakhala komweko kaya akungofuna ndalama. Ndinafunsanso ngati pali mlonda wa usiku, ndi kumene madzi a m'bafa amachokera. Ena amangopopa mumtsinje n'kuthira m'thanki, ndipo ine likodzo sindinkafuna kubwera nalo. Apa anali a pachitsime chobowola.

Kutentha ndiye musakuderere. Liwonde ali kuchigwa, ndipo October ndi mwezi umene ngakhale eni dera amadandaula. Ndinapempha kuti foni ailozetse kudenga. Malata opanda siling'i ndinkawakana pomwepo, ngakhale pabwalo pakongole bwanji. Nyumba yathuyi inali yofolera ndi udzu, denga lalitali, mazenera a mbali ziwiri okhala ndi sefa. Mafani analipo, koma funso lenileni linali lakuti magetsi akazima chimatsala n'chiyani. Anati sola imayatsa mababu ndi mafani, furiji ayi. Ndinadziwiratu kuti nyama ya masiku onse sitinyamula. Maneti ndinawawerenga bedi ndi bedi, ndipo ndinawapempha kuti amasule imodzi ndione ngati ilibe zibowo. Anaseka, koma anamasula.

Za kukhitchini zinatha msanga: mbaula ya gasi, ina ya makala, mapoto, mthiko. Amayi anati mthiko atenga wawo.

Pa ndalama ndi pamene anthu amalirira. Masiku ano munthu amatha kutenga zithunzi za nyumba ya eni, n'kuika nambala yake. Vidiyo ija inali itandithandiza kale, popeza wakuba sangayende m'nyumba imene alibe makiyi ake. Komabe ndinapempha kulankhula ndi mwini nyumba, ndipo tinalemberana pa WhatsApp zonse: masiku, chiwerengero cha anthu, mtengo wonse, nthawi yolowa ndi yotuluka, ndalama yachikole ya zinthu zosweka, ndi zimene zingachitike titalephera kubwera. Ndinatumiza theka pa Airtel Money nditaona kuti dzina lotuluka pafoni likufanana ndi limene anandiuza. Theka linalo tinagwirizana kuti ndipereka ndikaona nyumba ndi maso.

Chomaliza ndinafunsa za msewu ndi za paki. Kuchokera ku Blantyre ndi tala yekhayekha kudzera ku Zomba pa M3, koma kagawo kopatukira kunyumbako n'kafumbi, ndipo anati m'chilimwe galimoto yaing'ono imadutsa bwinobwino. Paki ya Liwonde, imene bungwe loteteza nyama zakutchire la African Parks linayamba kuyendetsa mu 2015, ili ndi malipiro akeake olowera, ndipo ulendo wa pa boti nawo ndi wapadera. Lendi ya nyumba sikhudza zimenezi. Boti ndinasungitsa la madzulo, dzuwa litapepa, nthawi imene njovu zimakonda kutsikira kumadzi. Ufa, mafuta ndi madzi akumwa tinagula ku Zomba, nsomba tinakagula pamsika wa Liwonde.