Transistor ikapsa, fufuzani chimene chaipsereza

Munthu amene ali ndi chilolezo cholankhulira pa mabandi a amateur, omwe ndi a anthu olankhulana pa wailesi chifukwa chongoikonda, kaya dzina lake loitanira limayamba ndi 7Q monga kuno ku Malawi kapena 9J monga ku Zambia, amafika nthawi imene mphamvu ya wailesi yake imayamba kumuchepera, ndipo maganizo ake amathamangira ku ampulifaya, chipangizo chokuza mphamvu ya mafunde amene wailesi imatumiza. Masamu ake ndi ogwetsa ulesi pang'ono. Kuwirikiza mphamvu kawiri kumangowonjezera 3 dB, ndipo kuti singano ya S-meter ya mnzanu wakutali, yoonetsa mphamvu ya mafunde amene akulandira, ikwere nambala imodzi yokha, yomwe ndi 6 dB, muyenera kuchoka pa 100 W kufika pa 400 W. Eriyo yabwino, yokwezedwa m'mwamba mokwanira, kawirikawiri imapereka phindu lomwelo pa mtengo wochepa. Komabe tilipo ena amene timamanga ampulifaya chifukwa chokonda ntchitoyo, ndipo mfundo imene ndimaiona ikuphonyedwa kwambiri pakati pathu ndi yakuti transistor kapena valavu siifa yokha popanda choipha. Kugula ina n'kuikapo musanapeze chimene chinapha yoyambayo kuli ngati kumwa mankhwala oziziritsa thupi pamene malungo akadali m'magazi.

Kamangidwe kamayambira pa funso lakuti ma transistor aziona impedance yotani, kutanthauza kukana kumene mafunde amakumana nako, koyezedwa ndi ma ohm. Eriyo ndi chingwe cha coax zimapangidwira 50 ohm, koma transistor yoyendera magetsi ochepa singatulutse mphamvu zambiri pa impedance yokwera chotero. Pa ampulifaya ya push-pull, mmene ma transistor awiri amagawana funde theka ndi theka, mumatenga voltage, n'kuichulukitsa ndi iyo yomwe, n'kuwirikiza kawiri, kenaka n'kugawa ndi mawati amene mukufuna, ndipo yankho ndiyo impedance imene ma transistor ayenera kuona. Pa 12 V ndi 100 W yankho lake ndi pafupifupi 2.9 ohm, n'chifukwa chake thiransifoma yotulutsira imakhala ndi mkombero umodzi mbali ya ma transistor ndi inayi mbali ya eriyo, pakuti imatsitsa 50 ohm ka 16. Pa 48 V ndi 1000 W yankho ndi 4.6 ohm, ndipo mkombero umodzi pa itatu umayandikirako. Wailesi ya 100 W pa 13.8 V imakoka kale pafupifupi 20 A, choncho omanga ampulifaya zikuluzikulu anasamukira ku 50 V. Helge Granberg wa ku Motorola ndiye anatsegula njira imeneyi kwa ambiri ndi kamangidwe kake kotchedwa EB104, kamene kamatulutsa 600 W ndi ma MRF150 anayi, ndipo thiransifoma zimene timakulunga lero zikadali zofanana ndi zake. Ferrite, chinthu chimene waya wa thiransifoma amakulungidwapo, ikachepa, imatentha pa mabandi a m'munsi monga wa mamita 160 ndi 80. Ine ndimazimitsa magetsi pambuyo potumiza kwa kanthawi n'kuikapo chala, ndipo ngati sindingathe kuchisiya pamenepo, ndimadziwa kuti mbali ina ya mphamvu ikuthera m'menemo.

Mbali imene imapha ma transistor ambiri mwakachetechete ndi bias, voltage yokhazikika imene imaikidwa pa geti, mwendo wolamulira transistor. Ampulifaya ya SSB, njira yotumizira mawu pa wailesi, imagwira ntchito m'kalasi AB, kutanthauza kuti transistor imasiyidwa ikuyendetsa current yochepa ngakhale pamene simukulankhula, kuti funde lisaduke pamene ikupatsirana ntchito ndi inzake. Vuto ndi lakuti transistor ya mtundu wa MOSFET ikatentha, voltage imene geti yake imayambira kutsegukira imatsika, choncho current yomwe munaikonza transistor ili yozizira imakwera, kutentha kumawonjezeka, current n'kukweranso, mpaka chinthucho chiphulike. Mankhwala ake ndi thermistor, resistor yosintha ndi kutentha, kapena diode yomangiriridwa pachitsulo choziziritsira pafupi ndi transistor, kuti izitsitsa bias kutentha kukamakwera. Pokonza koyamba ndimalumikiza dummy load, resistor ya 50 ohm yolowa m'malo mwa eriyo, ndimatsitsa bias mpaka pansi, ndimaika malire a current pa chopatsira magetsi, kenaka ndimakweza pang'onopang'ono transistor imodzi payokha maso ali pa mita. Pa IRF510, imene Ashhar Farhan wa ku India anaitchukitsa ndi wailesi zake za BITX, kapokoseredwe kochepa kwambiri ka kowongolera kamakweza current mwadzidzidzi, chifukwa transistor imeneyi inapangidwira kuyatsa ndi kuzimitsa magetsi, osati kukuza mawu mosamala. Ndi yotchipa, ndipo ndi yabwino kuphunzirirapo pa chifukwa chomwecho. Kumbukirani kuti chitsulo chake chakumsana n'cholumikizana ndi mwendo wa drain, choncho chimafuna chotchinga pakati pake ndi choziziritsira, pamene cha RD16HHF1 ya Mitsubishi n'cholumikizana ndi mwendo wa source ndipo chimamangidwa mwachindunji. Kusiyana kumeneku kumathandizanso kugwira ma RD16HHF1 abodza amene adzadza pa intaneti: mukayeza ndi mita n'kupeza kuti msana sukulumikizana ndi source, mwagula chinthu china chimene anangochilemba dzina.

Pa ma transistor aakulu a mtundu wa LDMOS monga BLF188XR nkhani ya kutentha imakula. Ampulifaya yotulutsa 1000 W imene ikusandutsa magawo 65 pa 100 a magetsi kukhala mafunde imasiya mawati oposa 500 ngati kutentha, ndipo onsewo ayenera kutulukira pansi pa kachitsulo ka masentimita anayi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Aluminiyamu payekha sangathe kumwaza kutentha kotere msanga, n'chifukwa chake transistor imakhazikidwa pa phale lochindikala la kopa, ambiri amaimatirira ndi mtovu, ndipo kopayo ndiye amamangidwa pa aluminiyamu wokhala ndi fani. Choopsa china ndi chakuti ma LDMOS amenewa amangofuna mawati ochepa kuti atulutse mphamvu yonse, ndipo geti yawo siipirira voltage yopitirira kwenikweni 10 V. Wailesi zina za 100 W, ngakhale mutazitsitsa kufika pa 3 W, zimaponya mphamvu yaikulu kwa kamphindi kochepa poyamba kutumiza ALC, yomwe imaika malire a mphamvu yotuluka, isanazigwire, ndipo kamphindi kameneko n'kokwanira kuboola geti. Ndimakonda kuika attenuator ya ma resistor, yochepetsa mphamvu, polowera kuti wailesi izigwira ntchito pa mphamvu yokwererapo, kusiyana ndi kudalira kuti dzanja langa silidzaiwala kutsitsa kowongolera.

Chimene chimandidyera nthawi yambiri ndi ampulifaya imene imadziimbira yokha, kutanthauza kuti imapanga mafunde akeake osatumidwa. Zizindikiro zake ndi izi: current imadumpha musanapereke chizindikiro chilichonse, kapena mukakweza mphamvu yolowa pang'onopang'ono yotuluka imalumpha m'malo mokwera mofatsa, kapena mita imasintha mukangoyandikiza dzanja. Ambiri amaganizira ma frequency a m'mwamba okha, koma transistor imakuza kwambiri frequency ikamatsika, ndipo makoyilo ndi ma capacitor a pa waya wa magetsi amatha kugwirizana n'kuyambitsa nyimbo yawoyawo pa ma kHz mazana angapo, kumene sefa yotulutsira siitchinga kanthu. Zochizira zake si zodula: resistor yobweza mbali ya chizindikiro kuchokera ku drain kupita ku geti kudzera pa capacitor, resistor ya ma ohm ochepa pamwendo wa geti, ma capacitor a misinkhu yosiyana pa waya wa magetsi okhala ndi miyendo yaifupi, ndiponso kutalikitsa thiransifoma yolowera ndi yotulutsira. Ampulifaya imene yakhala bata pa dummy load iyesedwenso pa impedance yolakwika mwadala ndi mphamvu yochepa, chifukwa eriyo yeniyeni imakhala 50 ohm pa frequency imodzi yokha, ndipo kwina konseko imaonetsa ma transistor chilichonse.

Mita ya mawati sindiikhulupirira payokha, pakuti imaphatikiza zonse zimene zikudutsa, zabwino ndi zonyansa zomwe. Push-pull imachepetsa harmonic yachiwiri, funde losafunika la pa frequency yowirikiza kawiri, koma yachitatu, yowirikiza katatu, imatuluka yamphamvu, nthawi zina yongotsika ndi 10 kapena 15 dB, kutanthauza kuti wotumiza pa 7 MHz popanda sefa akusokonezanso anzake pa 21 MHz. Malamulo a ku America amafuna kuti zotuluka zosafunika pa HF, mabandi a pansi pa 30 MHz, zitsike ndi 43 dB, ndipo muyeso umenewu ndi wabwino kuutsata kulikonse. Sefa ya bandi iliyonse ndi yofunika, ndipo ma capacitor ake akhale a mica kapena ena opirira voltage ndi current ya RF, kutanthauza mafunde a wailesi, poti 100 W pa 50 ohm ndi 200 V kuchokera pansonga ya m'munsi kufika ya m'mwamba. Ndi oscilloscope, chida choonetsa chithunzi cha funde, komanso mawu awiri a 700 ndi 1900 Hz mumaona ndi maso pamene nsonga za funde zayamba kuphwatalala, ndipo pamenepo ndi pamene mawu anu ayamba kutayikira kwa olankhula m'mbali mwanu, ngakhale mita ikuonetsa nambala yosangalatsa.

Ma ampulifaya a mavalavu ali ndi khalidwe lina. Heathkit SB-220, imene inatuluka mu 1970 ndi mavalavu awiri a 3-500Z, ikadagwirabe ntchito m'nyumba zambiri, ndipo imakhululuka zolakwa zimene LDMOS singakhululuke. Koma m'kati mwake muli pafupifupi 3000 V, ndipo ma capacitor asanu ndi atatu olumikizidwa motsatizana amasunga magetsiwo ngakhale mutazula pulagi ngati ma resistor owatsitsa aduka. Musanalowetse dzanja, zulani pulagi, dikirani mita ifike pansi, kenaka gwiritsani ndodo yokhala ndi waya wopita ku chitsulo cha bokosi pa chipewa cha valavu ndi pa ma capacitor. Zofooka zake ndi zodziwika. Diode ya Zener ya bias imafa valavu ikathetheka m'kati, ndipo current yopumira imakwera. Fani ikafooka, mtovu wa m'miyendo ya filament umasungunuka, poti filament iliyonse imakoka pafupifupi 14.5 A pa 5 V, ndipo valavu yabwinobwino imaoneka ngati yafa pamene ikungofuna kumatidwanso. Ma resistor a kaboni okulungidwa ndi kakoyilo pa chipewa cha valavu, amene ntchito yawo ndi kuletsa kudziimbira pa VHF, ma frequency opitirira a HF, amasintha msinkhu akakalamba, choncho ayezedwe mwendo umodzi utamasulidwa.

Za ma resistor amenewa Richard Measures ndi Tom Rauch, amene maina awo oitanira ndi AG6K ndi W8JI, anatsutsana kwa zaka. Woyambayo ankati kuthetheka kwambiri m'ma ampulifaya otere kumachokera ku kudziimbira pa VHF ndipo ankalimbikitsa waya wa nichrome, pamene winayo ankaloza mpweya wotsalira m'valavu ndi kuchuna kolakwika. Pa nkhani ya kupserera kwa band switch, swichi yosinthira mabandi, ine ndimatsamira kwa Rauch. Kowongolera ka Load, kogwirizanitsa ampulifaya ndi eriyo, kakasiyidwa kochepa pamene mphamvu yolowa ndi yaikulu, mphamvu imasowa kotulukira, voltage ya m'pi-network, koyilo ndi ma capacitor a potulukira mphamvu, imakwera kwambiri, ndipo moto umadumpha pamalo ofooka. Mita ya current ya grid, mbali yolamulira ya valavu, ndiyo imaulula zimenezi msanga, chifukwa imakwera mopitirira pamene Load yachepa.

Chomaliza choyeza, pa mavalavu ndi pa ma transistor pomwe, ndi ndondomeko ya ma relay. Ngati mafunde afika relay yotulutsira isanatseke, ampulifaya imagwira ntchito popanda eriyo kwa ma millisecond angapo nthawi iliyonse mukadina maikolofoni, ndipo zimenezi mita ya singano singazione. Ikani oscilloscope ya njira ziwiri, ina pa chizindikiro cha PTT, batani lodina polankhula, ndi ina pa RF yotengedwa kudzera pa attenuator, ndipo muonetsetse kuti relay yotulutsira ikutseka poyamba, bias ikutsatira, mafunde n'kubwera pambuyo. Wailesi zambiri zamakono zili ndi pochunira kuchedwa kumeneku, ndipo pa relay wamba zazikulu 20 kapena 25 ms ndi poyambira pabwino.