Makutu akamalira pambuyo pa ngozi: zimene mlangizi ayenera kuchita

Munthu wapulumuka pa ngozi ya minibasi pa Chiweta, kapena anamenyedwa ndi achifwamba usiku. Mabala apola, koma m'makutu mwatsala kulira ngati nyenje, usana ndi usiku. Madokotala amati tinnitus. Kwa ena kuliraku n'kosowetsa mtendere chabe. Kwa amene anaona zoopsa kumasanduka belu la ngozi: kukangomveka, mtima umathamanga, thukuta limatuluka, ndipo maganizo amabwerera pamalo pomwe zinachitikira.

Uphungu usayambe khutu lisanaonedwe. Munthuyo apite kaye kuchipatala, monga ku Mzuzu Central, akamuunike m'khutu, chifukwa litsiro louma lotseka khutu, mafinya kapena kuboola kwa ng'oma ya m'khutu zili ndi chithandizo chake. Afunsidwenso za mankhwala: kwinini, gentamicin, streptomycin, kanamycin ndi aspirin wochuluka amatha kuliza makutu. Ngati kulirako kuli khutu limodzi lokha, ngati kukugunda motsatana ndi mtima, kapena kwabwera ndi chizungulire, n'kofunika dokotala. Khutu likagontha mwadzidzidzi ndiye osadikira n'komwe, apite tsiku lomwelo. Kuyeza kamvedwe mozama kumachitika ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe.

Pokumana koyamba, ntchito yaikulu n'kufotokoza. Mu 1990 wasayansi wofufuza za tinnitus, Pawel Jastreboff, anafotokoza kuti kuvutika kwa munthu sikudalira kukula kwa phokosolo ayi, koma mmene ubongo walilandirira. Ubongo umaiwala msanga phokoso lopanda tanthauzo. Amene amakhala pafupi ndi chigayo amafika posachimvanso. Koma phokoso lomwe ubongo walilemba kuti ndi ngozi umalilondera. Mantha amachititsa munthu kumvetsera, kumvetserako kumakuza phokoso, phokoso limakuza mantha. Jambulani mzungulire umenewu papepala, pamaso pake, ndipo mulankhule m'chinenero chomwe iye amalotera, kaya ndi Chitumbuka, Chitonga kapena Chichewa.

Kenako mufunseni kuti iye akuganiza kuti n'chiyani. Ambiri sanena okha, koma mumtima amaopa kuti akuchita misala, ali ndi chotupa mu ubongo, kapena alodzedwa. Osamuseka, ndipo osathamangira kumutsutsa. Apa ndi pamene njira ya CBT, uphungu wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi zochita zake, imagwira ntchito, ndipo ndiyo ili ndi umboni wamphamvu pochepetsa kuvutika ndi tinnitus. Ganizo lakuti "sindidzagonanso" lilembedwe, kenako liyesedwe ndi zenizeni: sabata yathayi munagona maola angati usiku uliwonse? Akhale ndi kope lolembamo manambala awiri madzulo aliwonse, kuyambira 0 mpaka 10: kukula kwa phokoso, ndi mmene lamuvutitsira. Kawirikawiri nambala yachiwiri ndiyo imayamba kutsika yoyamba isanasunthe. Kulembako kukhale kamodzi patsiku basi. Akamayeza ola lililonse ndiye kuti akuliphunzitsa khutu kulondera.

Thupi nalo liphunzitsidwe kutsika. Kupuma kwa pamimba, kuwerenga mpaka 3 pokoka mpweya ndi 3 potulutsa, mphindi 10 kawiri patsiku, ayambe kuyeserera pamene ali bwino, osati mantha atafika kale. Ena akatsinzina amaona ngozi ija, choncho maso akhale otsegula. Zokumbukira zikamugwira, aponde pansi zolimba, atchule zinthu 5 zomwe akuona, anene tsiku ndi malo omwe ali.

Nkhani ya phokoso lothandizira ndiyo ambiri amalakwitsa. Bata ndi mdani wa khutu lolira, ndipo usiku wozizira wa Juni kuno ku Mzuzu, magetsi atathima, bata limakhala lenileni. Kawailesi ka mabatire kapena kaphokoso ka pa foni kamathandiza, koma katsitsidwe mpaka kulira kwa m'khutu kuzimvekabe pang'ono pamwamba pake. Malinga ndi Jastreboff, mukakubisa kotheratu, ubongo suzolowera, ndipo mukazimitsa wailesi kumabwerera ngati kwakula. Phokosolo asankhe mwini wake. Phokoso la mvula padenga la malata limagoneka ambiri, koma kwa yemwe nyumba inamugwera ndi mvula n'kumubwezera ku tsoka lomwelo. Thonje m'makutu tsiku lonse ayi: khutu limayamba kumva kuwawa ngakhale ndi kulira kwa mbale. Zotsekera makutu n'za pachigayo, pamacheka a matabwa ndi pafupi ndi masipika.

Zonsezi sizikwana ngati bala la mumtima silinakhudzidwe. Ngati patha mwezi munthu akulotabe zoopsa, akudzidzimuka ndi kumenyetsa kwa chitseko, akukana kukwera galimoto, n'kutheka kuti ali ndi PTSD, vuto la maganizo lobwera pambuyo poona zoopsa. Malangizo a 2013 a bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, amavomereza CBT yolunjika pa zoopsazo komanso EMDR (njira yoyendetsa maso uku ndi uku pokumbukira zoopsazo), zomwe zimafuna munthu wophunzitsidwa. Kuno thandizo la matenda a maganizo limapezeka ku chipatala cha St John of God. CBT yotereyi imatenga maulendo 8 mpaka 12. Kumukakamiza kufotokoza zonse tsiku loyamba, asanadziwe kudzikhazika mtima pansi, kumangokuza kulirako ndipo ambiri sabweranso. Mankhwala ogonetsa a diazepam ndi mowa zimagoneka usiku umodzi, kenako zimasanduka vuto lina. Mufunseninso mosabisa ngati amaganiza zodzipha, ndipo ngati akumva mawu a anthu akumulankhula pomwe palibe munthu, imeneyo si tinnitus, atumizidwe msanga kuchipatala.

Osalonjeza kuti kulirako kudzatha, komanso osamuuza kuti palibe chomwe chingachitike. Mawu onse awiriwa amavulaza. Muuzeni kuti kuzolowera kumatenga miyezi, mwa njira ya Jastreboff chaka chimodzi mpaka ziwiri, ndipo pa maliro, pa matenda kapena tsiku lokumbukira ngozi ija kulirako kudzakwera kwa masiku angapo. Mugwirizane pasadakhale zomwe adzachite tsiku limenelo, zilembedwe kumapeto kwa kope lija, pamodzi ndi dzina la m'bale mmodzi woti adzamuimbire.